Za nambala wani pa Google, mayi musathamange kulipira

Mayi, funso lanu ndaliona, loti muli ndi loji pa boma pa Mchinji ndiye kwabwera mnyamata wina akuti mukamulipira akuikani nambala wani pa Google pasanathe sabata. Chonde ndalamayo isachoke kaye mu foni. Palibe munthu amene angakulonjezeni malo oyamba, a Google eni akewo amanena poyera kuti wina akalonjeza zimenezo mukhale naye tcheru.

Zimene amachita ambiri nzoti amatenga kagawo ka ndalama yanu nkulipira Google Ads masiku angapo, dzina lanu limaonekadi pamwamba koma pali kamawu koti Sponsored, ndalama ija ikatha inunso mwasowa basi. Kulipira malonda sikukweza webusayiti yanu pa zotsatira zaulere zija ayi, nzinthu ziwiri zosiyana, chimodzimodzinso kubusta positi pa Facebook, kumabweretsa ma like koma Google alibe nazo ntchito. Ena amangolemba dzina lenileni la loji yanu pa foni yawo nkukuonetsani kuti taonani mayi muli pamwamba. Nanga pa dzina lanu lomwe angakhale pamwamba ndani? Nkhani yagona pa munthu wochokera ku Chipata amene wawoloka pa Mwami kukuda, sakudziwani, watopa, akalemba lodge in Mchinji kodi inu mukutuluka?

Ndaonanso wina mmakomenti akuti mungobwereza mawu oti Mchinji lodge kambirimbiri pa tsamba lanu. Zimenezo nzakale, panopa Google amaziona ngati chinyengo ndipo akhoza kukutsitsani. Kabokosi ka meta keywords, kobisika mu tsamba komwe amalembamo mawu osakira, kamene ena amati ndiye chinsinsi, Google ananena mu 2009 kuti sakuganizirako posanja mawebusayiti. Zogula malinki ambirimbiri oloza ku webusayiti yanu nazonso, kuyambira 2012 pomwe Google anabweretsa Penguin, njira yawo yogwirira malinki achinyengo, malinki oterowo amangotayidwa kapena kukupwetekani kumene. Linki imodzi yochokera ku tsamba lenileni la zokopa alendo kapena nyuzipepala imaposa zonsezo.

Ine chimene chimandiwawa nchoti chinthu chothandiza kwambiri pa bizinesi ngati yanu ndi chaulere koma anthu akulipiritsidwa osadziwa. Ndi Google Business Profile, ija kale ankati Google My Business, ndi imene imakuonetsani pa mapu. Lembetsani ndi imelo YANU, ikani pini pamalo penipeni poti pali loji, osati pakati pa msewu wa M12 kapena ku msika, chifukwa mlendo akasochera usiku sabweranso. Nambala ya foni ikhale yoti imayankhidwa, nthawi yotsegula, zithunzi zenizeni za zipinda, bafa, poimika galimoto, geti mmene limaonekera munthu akamachokera kumsewu. Zotola pa intaneti ayi, mlendo akafika nkupeza zosiyana amakalemba zoipa ndiye mwadzipweteka nokha. Pa mapu Google amaona ngati zomwe mumachita zikugwirizana ndi zomwe munthu akufuna, kutalika kwa pomwe ali ndi pomwe muli, komanso kutchuka kwanu, ndiye apa mpamene ma review amagwira ntchito. Mlendo akamabweza kiyi mmawa ali wokondwa mpempheni mwaulemu alembepo mawu awiri atatu, ndipo muziyankha ngakhale wodandaula kuti madzi otentha kunalibe. Zouza abale onse alembe ngati anagonako zilekeni, nzoletsedwa ndipo amazichotsa.

Webusayitiyo ngati ilipo itsekuleni pa foni yanu ndi bandulo wamba ya Airtel kapena TNM, osati pa WiFi. Ikamachedwa chifukwa cha zithunzi zolemera ndi mavidiyo ongodziyambira, dziwani kuti munthu watseka kale, bandulo ikudula masiku ano. Google nayenso amaweruza poona mmene tsamba likuonekera pa foni osati pa kompyuta. Lembanipo zimene alendo amafunsa tsiku ndi tsiku, mitengo ya zipinda, ngati muli ndi jenereta kapena sola magetsi akathima, chakudya, mtunda wofika ku boda, holo ya misonkhano ngati ilipo poti a mabungwe amasaka zimenezo. Zotsatira zake zimatenga miyezi, osati sabata imene akunenayo.

Sindikunena kuti aliyense wochita SEO, ntchito yokweza webusayiti pa Google imeneyi, ndi tambwali, alipo odziwa ntchito ndipo kuwalipira nkoyenera. Mnyamatayo mufunseni kuti achita chani kwenikweni mwezi woyamba, akuonetseni mabizinesi ena amene anawathandiza muwaimbire nokha, ndipo akulumikizeni ku Google Search Console, nayonso njaulere, kuti muzidzionera nokha mawu amene anthu akukupezerani. Domeni, kutanthauza adiresi ya webusayiti yanu, ndi ma password zonse zikhale mdzina lanu, chifukwa mukadzasemphana mawa akhoza kupita nazo webusayiti yonse inu nkuyambiranso. Akayamba kuzemba mafunso amenewa musiyeni.