Kodi ndigulitse ndalama ya dziko lomwe ngongole yalifika m'khosi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene wangoyamba kumene forex (malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za maiko). Mwachidule akuti akumva kuti maboma ena atsala pang'ono kulephera kubweza ngongole, nde iye akufuna agulitse ndalama za maiko amenewo pa leverage yaikulu (kuchita malonda ndi ndalama zochuluka kuposa zomwe waika) poti zigwa basi, ndipo akufunsa ngati ndi nzeru.

Achimwene, maganizo anuwo si opanda mutu ayi. Zinachitikapo. Pa 17 August 1998 Russia inasiya kulipira ngongole zake zam'dziko, ndipo ruble yomwe inali cha m'ma 6 pa dola inadutsa 20 pasanathe mwezi. Argentina nayo inalephera kumapeto kwa 2001, peso yomwe kwa zaka pafupifupi 10 inali imodzi pa dola imodzi inakafika pafupi ndi 4 pakati pa 2002. Chifukwa chake nchosavuta, ngongole yakunja imabwezedwa ndi madola, boma likasowa madola aliyense amathamangira kugula ochepa otsalawo ndipo ndalama ya dzikolo imangotsetsereka.

Koma vuto lili pa nthawi. Nkhani ikamafika kwa inu ndi ine pafoni, mabanki akuluakulu anaiona kalekale pa mitengo ya mabondi (zikalata za ngongole za boma) ndipo anagulitsa kale. Taonani Ghana, cedi inagwa koopsa chaka cha 2022 chisanathe, koma boma linalengeza zoimitsa kulipira ngongole zambiri zakunja mu December, nthawi yomwe kugwa kwakukulu kunali kutachitika kale, mwezi womwewonso cedi inakwerako mwamphamvu atagwirizana ndi a IMF. Amene anagulitsa atamva nkhaniyo anagulitsira pansi. Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni mu November 2020, koma chisankho cha August 2021 chitangodutsa kwacha yake inachoka cha m'ma 19 pa dola kufika cha m'ma 16, ngongole ija isanakonzedwe nkomwe. Dziko lili mu default (lalephera kubweza ngongole) koma ndalama ikukwera, zimatheka ndithu.

Nde palinso kusiyana kumene anthu ambiri sakuona, ngongoleyo ili mu ndalama yanji? America imakongola mu dola yake yomwe. Pa 5 August 2011 a S&P, kampani yoyeza kudalirika kwa okongola, anaitsitsa kuchoka pa mlingo wapamwamba wa AAA, anthu ankati dola yatha, koma anthu a mantha anathamangira kugula mabondi a America omwewo chifukwa zinthu zikavuta padziko ndi komwe ndalama zimathawira. Yuro nayo, mu 2012 Greece inadula ngongole yomwe inali nayo kwa obwereketsa omwe si maboma ndi 53.5 peresenti, aliyense amaimba nyimbo yoti yuro ikusweka, kenaka pa 26 July Mario Draghi wa European Central Bank analankhula ku London kuti achita chilichonse chofunika kuti yuro ipulumuke. Yuro imodzi inali cha m'ma madola 1.21, pofika May 2014 inali itakwera kufika pafupi ndi madola 1.40. Munthu m'modzi, mawu ochepa chabe, ogulitsa onse aja anapsa.

Apa ndipomwe ndikufuna mundimvetsetse bwino, chifukwa za leverage zimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Mukaika madola 200 pa 1:100 ndikutsegula yonse, mukugwira madola 20,000, msika ukangoyenda 1 peresenti mbali yolakwika 200 yanu ija yatha. Pa nthawi ya nkhani za ngongole 1 peresenti imayenda inu mukuwerenga meseji. Mutha kunena zoona kuti ndalamayo igwa, nkugwadi pakatha miyezi itatu, koma akaunti yanu inafa Lachiwiri la sabata yoyamba pomwe kunamveka mphekesera yoti IMF yavomera.

Mwina mukuti muika stop loss (lamulo loti akutulutseni mtengo ukafika pomwe mwaika kuti musaluze zambiri). Ikani, koma tsegulani chati ya EUR/CHF (yuro ndi franc ya ku Switzerland) ya pa 15 January 2015 muone nokha. Banki yaikulu ya Switzerland inachotsa mwadzidzidzi malire oti yuro isatsike pansi pa ma franc 1.20, omwe inawagwira kuyambira 2011, ndipo pachatipo muona kandulo (chizindikiro cha mayendedwe a mtengo) imodzi yaitali yotsika ngati munthu wagwetsa chingwe m'chitsime. Panalibe wogula pakatipo, ma stop loss anadumphidwa nkukatsekera kutali kwambiri, anthu ena anatsala ndi ngongole kwa broker (kampani yomwe mumachitirako malondawa), broker wina wotchedwa Alpari UK mpaka anagwa. Stop loss ndi pempho chabe loti akutulutseni pa mtengo woyamba womwe upezeke.

China ndi swap, chiwongola dzanja chomwe mumalipira kapena kulandira malonda anu akagona usiku. Dziko lovutika limakweza chiwongola dzanja kuti liteteze ndalama yake, Russia mu May 1998 inafika 150 peresenti, nde wogulitsa ndalama yotereyo amalipira usiku uliwonse womwe wagona nayo, kuonjezera spread (kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira) yomwe imatambasuka nthawi ya chipwirikiti. Ndipotu ndalama zambiri za maiko amenewa ma broker wamba sakhala nazo nkomwe.

Yankho langa nde ndi loti ayi, musachite momwe mwafotokozeramu. Ngati nkhaniyi yakukokani mtima, yambani pa demo (akaunti yoyeserera ya ndalama zongoyerekeza) miyezi ingapo mukutsatira madola omwe banki yaikulu ya dzikolo yasunga, masiku omwe ngongole zikuluzikulu zikuyenera kulipidwa, chiwongola dzanja cha mabondi ake ndi pomwe zokambirana ndi IMF zafika. Mukadzalowa ndi ndalama yeniyeni, loti (kukula kwa malonda omwe mwatsegula) ikhale yaing'ono yoti ngakhale stop loss itadumphidwa mugona tulo, ndipo mufunse kaye ngati broker wanuyo amateteza akaunti kuti isapite ku negative (kutsala ndi ngongole). Mundilemberenso mundiuze ndalama yomwe mukuiganizirayo ndi leverage yomwe akupatsani, tiwerengere limodzi kuti msika ungayende pang'ono bwanji musanatulutsidwe.