Chifukwa chake manambala ena sakuoneka pa tchati chanu cha Power BI

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene tchati chanu cha stacked bar (cha mizere yogawidwa m'zigawo) mu pulogalamu yopangira malipoti ya Power BI, chomwe chikuonetsa anthu olandira thandizo m'maboma osiyanasiyana powagawa malinga ndi zaka zawo, chikulembera manambala pa zigawo zina n'kusiya zina, chonsecho Data labels, chosankha cholemba manambala pa tchati, munayatsa kale. Mwanenanso kuti pa Lilongwe ndi Blantyre zonse zili bwino, koma pa Likoma, Neno ndi Mwanza palibe chimene chalembedwa. Maboma atatu mwawatchulawa ndi amene akundipangitsa kukhulupirira kuti pulogalamu yanu ndi yabwinobwino, ndipo vuto ndi la malo olembapo.

Power BI imabisa dala nambala imene singakwane m'kati mwa chigawo chake, ndipo imachita zimenezi osakuchenjezani. Kutalika kwa mizere yonse ya pa tchati kumayezedwa potengera mzere wautali kwambiri. Pa kalembera wa 2018, boma la Likoma linapezeka ndi anthu pafupifupi 14,500 pomwe mzinda wa Lilongwe wokha, osawerengera kumidzi, unali ndi anthu pafupifupi 990,000. Mukaika awiriwa pa tchati chimodzi, mzere wa Likoma umakhala kachidutswa chabe, ndiye inu mukukagawanso kachidutswako m'magulu a ana, achinyamata ndi akuluakulu. Chigawo chilichonse chimatsala chopyapyala ngati ulusi, moti ngakhale nambala ya zilembo zitatu siingalowemo.

Komabe musanayambe kukonza maonekedwe, tsimikizani kaye kuti manambalawo alipodi, chifukwa kusowa kwa malo ndi kusowa kwa deta zimaoneka chimodzimodzi pa tchati. Dinani timadontho titatu tomwe tili pakona ya tchaticho, musankhe Show as a table, kenako muyang'ane mizere ya maboma atatu aja. Ngati mwapeza mipata yopanda kanthu, ndiye kuti vuto lachokera kumbuyo. Kawirikawiri zimenezi zimachitika ndi mafayilo a Excel amene anzathu a m'maboma amatumiza, momwe wina amalemba kamzere kapena mawu akuti palibe m'malo mwa 0, kapenanso amasiya mpata pakati pa nambala, monga 1 250. Mukasintha mzati wotere kukhala Whole number mu Power Query, gawo la Power BI lokonzera deta, zina mwa zimenezi zimatha kusanduka Error kapena null. Kumbukiraninso kuti mu DAX, chilankhulo cha mafomula cha Power BI, fomula yogawira ya DIVIDE imabweza BLANK (kopanda kanthu) pamene chogawira chili 0, ndipo chinthu chomwe ndi BLANK sichijambulidwa konse. Ili ndiye gawo lomwe ndimalidera nkhawa kwambiri, popeza lipoti limatha kupita kwa opereka thandizo likuoneka ngati ku Neno sikunagwiridwe ntchito, pomwe ntchito inagwiridwa koma inatayika posamutsa deta.

Ngati manambala onse alipo pa tebulo, pitani ku Format, mutsegule Data labels, muyambe ndi kuwafupikitsa. Value decimal places muike 0 ngati mukuwerenga anthu, pakuti palibe chifukwa cholembera 320.00. Pa matchati a ndalama vutoli limakula chifukwa ziwerengero za makwacha ndi zazitali: 12,450,000 imafuna malo ambiri, koma mukaika Display units pa Millions imafupika n'kukhala 12.45M kapena 12M malinga ndi momwe mwasankhira. Chepetsani pang'ono kukula kwa zilembo, mukokenso tchaticho kuti chitambasuke m'lifupi ndi m'litali, chifukwa maboma 28 pa tchati chachifupi amachititsa mizere kuonda mpaka zilembo kulephera kukwanamo.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zomwe anthu amaziiwala. Pansi pa Apply settings to mungathe kusankha gulu limodzilimodzi, ndipo n'zotheka kuti gulu lina linazimitsidwa lokha pa Show for this series, makamaka ngati lipotilo munalilandira kwa mnzanu amene analiyamba. Chinanso ndi mtundu wa zilembo: nambala yoyera pa chigawo chachikasu chowala ilipo ndithu, kungoti diso silikuiona, makamaka pa pulojekita ya m'chipinda cha misonkhano masana.

Anthu ena angakulangizeni kuyatsa Overflow text, ndipo n'zoona kuti imalola nambala kusefukira kunja kwa chigawo chake. Ine ndingaigwiritse ntchito pokhapokha ngati chigawo chopyapyala chili chimodzi pa mzere. Zikakhala zitatu zoyandikana, monga zilili pa Likoma, manambala amatha kupanikizana kapena kugwera pa mtundu wa gulu lina, ndipo wowerenga amatenga chiwerengero cha ana n'kuchiyesa cha achinyamata. Nambala yosokoneza chonchi ndi yoopsa kuposa yosowa, chifukwa yosowayo munthu amafunsa, pomwe yosokonezayo amangoikopera mu lipoti lake.

Malangizo anga enieni ndi akuti mudzifunse chomwe abwana anu akufuna kuona. Ngati akufuna chiwerengero chonse cha boma lililonse, yatsani Total labels, yomwe imalemba chiwerengerocho kumapeto kwa mzere komwe kuli malo okwanira, ndipo manambala a magulu muwaike pa Matrix, yomwe ndi mtundu wa tebulo, pambali pa tchaticho. Ngati akufuna kudziwa gawo la ana poyerekeza ndi akuluakulu m'boma lililonse, sinthani kukhala 100% stacked bar chart, pomwe mizere yonse imatalika mofanana, Likoma ndi Lilongwe chimodzimodzi, ndipo zigawo zambiri zimapeza malo. Dziwani chabe kuti tchati chotere chimabisa kusiyana kwa kukula kwa maboma, choncho Matrix ija musaichotse.

Kwa amene ali ndi vuto lomweli mu Tableau, pulogalamu ina yopangira matchati, chosankha chake chili pa Label ndipo chimatchedwa Allow labels to overlap other marks. Inu achemwali, mukakonza zonse, litulutseni lipotilo ngati PDF ndi kulisindikiza pa pepala la A4 musanalitumize, muonetsetse kuti manambala a Mwanza, Neno ndi Likoma akuwerengeka ndipo akufanana ndi omwe ali pa tebulo lija.