Ndikufuna kupanga mabriketi, kodi boma lindithandiza bwanji?

Mayi wina wa ku Mchinji walemba kuti: "Ndimagula mtedza kwa alimi n'kumagulitsa. Tikaswa, makoko amangounjikana kuseri kwa nyumba. Ndimamva pa wayilesi kuti boma likufuna tisiye makala, tiziphikira mabriketi, makala ochita kuumba kuchokera ku zinyalala ngati makokowa. Ndili ndi K900,000 ya kubanki m'khonde, ndipo wina wandiuza za makina opangira mabriketi. Ndigule? Nanga thandizo la bomalo limatengedwa kuti?"

Mayi, makinawo musagule kaye. Za thandizo, ndisakunamizeni: musayembekezere ofesi yomwe mukalowa ndi thumba la makoko n'kutuluka ndi cheke. Boma likamati likulimbikitsa chinthu, nthawi zambiri limagwiritsa ntchito lamulo ndi msonkho.

Tiyambe ndi lamulo. Kuotcha makala popanda chiphaso n'koletsedwa kuchokera m'lamulo la zankhalango la 1997, ndipo mu 2020 aphungu anakhwimitsa zilango. Palinso ndondomeko ya makala, National Charcoal Strategy, ya zaka za 2017 mpaka 2027, yomwe imatchula mabriketi ngati china cholowa m'malo. Papepala, ndiye kuti mdani wanu wamangidwa miyendo. Koma imani pamsewu m'mamawa muwerenge njinga zonyamula matumba. Munthu amene uja mtengo anaudula ulere, msonkho salipira, ndiye amene mukalimbana naye pa mtengo wogulitsira. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makalawo anawazolowera.

Kumbali ya msonkho, bajeti ya 2019/20 inachotsa VAT pa zipangizo za sola, pa gasi wophikira ndi masilinda ake. N'zabwino ndithu, koma woyamba kumva kukoma ndi woitanitsa katundu kunja, ndipo gasi akatsikako mtengo, akulanda makasitomala a m'tauni omwe mukanawagulitsa inu. Izi zimasinthanso ndi bajeti, choncho mukadzafuna makina akunja mudzafunse ku MRA chaka chomwecho, osati kudalira zomwe ananena mnzanu.

Mukafuna kuona chilimbikitso cha boma chomwe chinagwiradi, yang'anani ethanol. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa inabwera mu 2004, zonse zikugwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Zakhala zaka zonsezi chifukwa petulo wa m'dziko muno amayenera kusakanizidwa ndi ethanol. Woyendetsa minibasi amagula ethanol tsiku ndi tsiku osafunsidwa n'komwe. Mabriketi alibe mwayi wotero. Palibe lamulo lokakamiza munthu kugula anu, kasitomala aliyense mudzachita kumukopa nokha.

Ndiye yambani chonchi. Pezani mgolo wakale, muotcheremo makoko mpweya uli wochepa kuti ade bii koma asasanduke phulusa. Sinjani, sakanizani ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti agwirane, kenako muumbe ndi kachipangizo ka manja komwe wowotcherera zitsulo aliyense pa boma angakupangireni. Ena amathira dothi lambiri pofuna kupulumutsa ufa. Zotsatira zake mbaula imadzaza phulusa, moto umafooka, ndipo mayi amene wachedwetsa ndiwo kapena nsima sabweranso, amauzanso mzere wonse wa nyumba. Kuyanika ndiko kumavuta kwambiri. Mabriketi osauma bwino amafuka utsi n'kumafumbutuka m'thumba. Chonsecho makala amakwera mtengo nthawi yadzinja, pomwe dzuwa loyanikira kulibe. Pangani ambiri kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, musunge pouma. Ine ndalama yanuyo ndikanayamba kuika pa shedi ndi mathandala oyanikira, makina pambuyo.

Musayambire kugulitsa khomo ndi khomo. Mabriketi amachedwa kuyaka koma amakhalitsa, choncho amakomera wofuna moto wa nthawi yayitali: oweta nkhuku ofunditsa anapiye usiku wonse, a chiwaya, malo odyera ophika nyemba, sukulu zogonera komweko. Apatseni thumba limodzi ayesere, mubwerenso pakatha masiku atatu mumve madandaulo awo. Akatenga kachiwiri ndi ndalama zawo, apo bizinesi ilipo.

M'kope mwanu lembani zonse, ufa wa chinangwa, aganyu, matumba, thiransipoti, ngakhale makoko omwe mukuti ndi aulere. Anzanu oswa mtedza akadzangoona kuti mukupindula nawo, adzayamba kukugulitsani. Mtengo wa thumba lanu ukaposa wa makala a pamsika wa kwanuko, imani kaye muone pomwe ndalama ikuthawira. Kumbukiraninso kuti ngongole ya banki m'khonde imabala chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, siidikira kuti mabriketi aume.

Musanakweze katundu pa galimoto kupita ku Lilongwe, dzerani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, muwaonetse zomwe mumapanga ndi zomwe mumapangira, ndipo mupemphe kalata. Pa rodibuloko, thumba lakuda ndi makala basi kufikira mutaonetsa pepala.