Kodi khalidwe lingagwetse wophunzira unamwino pa mayeso?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino. Akuti amawerenga mpaka pakati pa usiku koma malikisi akungotsika. Atakadandaula kwa aphunzitsi ake anauzidwa kuti vuto si mutu, koma maganizo ndi khalidwe. Ndiye akufunsa: "Kodi zimenezi n'zoona, kapena aphunzitsiwo amangofuna ndiwachokere?"

Achemwali, aphunzitsi anu sananame, kungoti yankho lawo linali lalifupi kwambiri. Maganizo paokha salemba mayeso. Amagwetsa munthu chifukwa ndi amene amasankha zimene munthuyo achite akakumana ndi chinthu chimene sachidziwa.

Tiyambe ndi kawerengedwe kanu. Ophunzira ambiri amatenga manotsi n'kumawabwereza mpaka tsamba lililonse kuoneka ngati lodziwika. Komatu kulizolowera tsamba n'kwina, kudziwa zimene zalembedwapo n'kwinanso. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena ankangobwereza kuwerenga, ena ankatseka pepala n'kulemba zimene akukumbukira. Patangopita mphindi zisanu, obwerezawo ndi amene anachita bwino. Koma sabata itatha zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira zambiri, ngakhale kuti anzawo ndi amene ankadzidalira kwambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri safuna kudziyesa? Kumawawa. Ukatseka buku n'kulephera kufotokoza mmene magazi amayendera mu mtima, umadziona wopepera, pamene kubwereza manotsi kumakupatsa mtendere wabodza. Ine ndimaona kuti mdani wamkulu wa wophunzira unamwino si ulesi ayi, ndi manyazi oopa kuoneka wosadziwa.

Manyazi omwewa amakutsatirani kuwodi. Tinene kuti dokotala walemba mankhwala okwana 375 mg, botolo lalembedwa 250 mg pa 5 ml iliyonse. Mankhwala oti mum'patse wodwala ndi 7.5 ml. Wophunzira amene sanamvetse samuyi koma n'kugwedeza mutu ngati wamva, adzaipezanso pa pepala la mayeso, ndipo tsiku lina adzaipeza ali yekha pambali pa bedi la mwana wodwala. Mnzake amene anati "Sisitala, tabwerezaninso, sindinamve" anachita manyazi kamphindi basi. Anamwino okhwima pa ntchito amaopa kwambiri wophunzira wosafunsa kusiyana ndi wofunsafunsa.

Palinso mayeso a OSCE, oyesa luso la ntchito yosamalira wodwala, amene Ronald Harden ndi anzake ku Dundee anawafotokoza mu 1975 ndipo lero masukulu ambiri a zaumoyo amawagwiritsa ntchito. Mumadutsa malo angapo, paliponse mphindi zowerengeka, woyesa ali poteropo ndi pepala lochongera. Kawirikawiri malikisi ena amakhala pa zinthu zooneka zazing'ono: kusamba m'manja, kupereka moni ndi kudzitchula dzina, kutsimikiza kuti wodwalayo ndi yemweyo, kupempha chilolezo musanamugwire. Izi sizilowezedwa usiku umodzi. Amene amajomba kuwodi, kapena kubisala kumbuyo kwa anzake nthawi yobaya jakisoni ikakwana, manja ake amamuulula.

Mwina munena kuti mumadzikayikira, n'chifukwa chake mumabisala. Albert Bandura analemba mu 1977 za chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho choti ntchito inayake angaithe, ndipo anasonyeza kuti gwero lake lamphamvu kuposa onse ndi kuichitadi ntchitoyo n'kuona kuti yatheka. Choncho musadikire kulimba mtima kuti muyambe kuyeza BP pamaso pa aphunzitsi. Yezani manja akunjenjemera choncho, mtima udzalimba pambuyo.

Za kuchezera usiku ndinene mwachidule: ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira mukamagona, ndiye kudula tulo kuti muwerenge n'kutunga madzi ndi dengu. Foni nayo ikamalira pafupi ndi buku, maola amene mukuwawerengera kuti mwawerenga sakwana.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi khalidwe. Alipo ophunzira akhama amene akugwa chifukwa cha matenda, mavuto a kunyumba, kusowa fizi, kapena mphunzitsi wonyoza amene amachititsa kuti kalasi yonse iziopa kukweza dzanja. Ngati mwakhala masabata angapo muli okhumudwa, tulo tosabwera, zinthu zimene munkazikonda zosakusangalatsaninso, kumeneko si kufooka kwa khalidwe. Kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala.

Ngati si zimenezo, bwererani kwa aphunzitsi aja, koma ulendo uno mupemphe kuona pepala lanu la mayeso apitawa. Pa funso lililonse limene munalakwa, dzifunseni ngati nkhaniyo simunaiwerenge n'komwe, munaiwerenga koma inathawa, kapena munaidziwa koma simunamvetse chimene funso likufuna. Ngati ambiri ali m'gulu lachiwirilo, madzulo ano tsekani manotsi, tengani pepala losalembapo kanthu, mulembe zonse zimene mukukumbukira pa mutu umene mwaphunzira lero, kenako mutsegule muone zimene zasowa.