Musanandituma kilachi ku Johannesburg

Achimwene, mwandifunsa momwe timabweretsera zipangizo za galimoto kuchokera kunja, popeza Subaru yanu yayamba kulira pakilachi ndipo mukufuna kuikamo yamphamvu kuposa imene inabwera nayo. Dziwani kuti chipangizo chikalowa pachipata cha Dedza n'kulipiridwa msonkho, kuchibweza kwa wogulitsa n'kovuta kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sindilandira ndalama ya munthu makaniko asanalimve phokosolo ndi makutu ake.

Lizani injini galimoto itaima, giya ili pa neutral, n'kumvetsera. Kulirako kukamayamba pamene mwangoponda kilachi n'kusiya mukachotsa phazi, kawirikawiri yatha ndi release bearing, bering'i imene imamasula kilachi mukaiponda. Koma kukamamveka musanaponde n'kuzimiririka mukaponda mpaka pansi, vuto limakhala bering'i ya m'giyabokosi, ndipo kilachi yatsopano singalithetse. Bambo wina anandikakamiza kuti ndimubweretsere popanda kuyeza kotereku. Ndinaisenza pabasi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, makaniko anagwetsa giyabokosi tsiku lathunthu n'kuimanga, koma atangoliza injini phokoso lija linali pomwepo. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalama zake zinapita pachabe.

Zikatsimikizika, mudzanditumizire nambala ya chassis, pakuti dzina la galimoto palokha silikwanira. Ma Subaru ena a turbo ali ndi kilachi yochita kukoka, ena yochita kukankha, ndipo ziwirizi sizilowana. Ngati makaniko watsitsa kale yakaleyo, ayeze kukula kwa mbale yake, awerengenso mano apakati olowa pa shafiti, kenako munditumizire chithunzi pa WhatsApp. Ndimagula kwa ogulitsa amene amapereka invoice yeniyeni, chifukwa ndi imene a MRA amafuna kuona powerengera msonkho, komanso chifukwa zipangizo zachinyengo zimabwera m'makatoni okongola ngati a Exedy kapena LuK enieni. Mtengo ndimautchula tsiku logula, popeza timalipira ndi marandi, ndipo chichepetsere boma mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinasiya kulonjeza mtengo pasadakhale. Mumapereka theka poyamba, lotsalalo katundu akafika.

Pa nkhani yoika yamphamvu, ndikupemphani muganize mofatsa. Kilachi za mpikisano, zokhala ndi timapazi ta ceramic, zimagwira mwadzidzidzi, ndipo zambiri n'zolimba poponda. Tsono taganizani muli pamzere wa magalimoto madzulo, kuchokera ku Malangalanga kukawoloka mlatho wa Lilongwe, kuponda n'kusiya kosalekeza, galimoto ikudumpha ndipo mwendo wakumanzere ukuwawa. Ngati injini sinawonjezeredwe mphamvu, ndipo kilachi siikutsetsereka, kutanthauza kuti injini siikukuwa yokha liwiro osawonjezeka mukaponda mafuta pagiya yaikulu, ya mtundu umene galimoto inabwera nawo ikukwanirani.

Chimene sindingalole n'kukubweretserani release bearing yokha, chifukwa ntchito yaikulu ndi yogwetsa giyabokosi, ndipo n'kwanzeru kusinthiratu mbale, pressure plate (chitsulo chopanikiza mbaleyo) ndi bering'i nthawi imodzi. Makaniko ayang'anenso flywheel (chitsulo chozungulira cha injini chimene mbale ya kilachi imagwirapo), ndipo ikakhala ndi mabala a kupsa ikasalazidwe, apo ayi kilachi yatsopanoyo idzanjenjemera ponyamuka. Ndinyamuka sabata yamawa, choncho pitani nayo kugalaja lisanafike Lachisanu kuti nambala ija ndidzapite nayo.