Kwa mayi amene afunsa za tsiku langa la ntchito ndi za kulemba nkhani zazitali

Mwa makalata amene ndalandira posachedwapa, ilipo imodzi imene yandikhala pamtima, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiiyankhe poyera. Mayi amene anailemba ali pa ntchito yolembedwa, akulemba buku lawo loyamba usiku ana akagona, ndipo akufuna kudziwa mmene tsiku la munthu wolemba mabuku limayendera. Afunsanso ngati pali phindu lopitiriza kulemba nkhani zazitali za moyo ndi maganizo awo pa tsamba lawolawo la pa intaneti, popeza owerenga anachepa ndipo anzawo amene ankalemba nawo anasamukira ku Facebook ndi malo ena ochezera. Mayi, funso lachiwirili ndi limene landikhazika pansi, chifukwa inenso lakhala likundisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali.

Ndiyambe ndi losavutalo. Ine ndimadzuka kusanache, ndipo foni sindiigwira kufikira ntchito ya m'mawa itatha. Choyamba ndimawerenga mokweza tsamba limene ndinasiyira dzulo lake, chifukwa khutu limagwira zimene diso lazilola kudutsa: chiganizo chotsimphina, mawu obwerezedwa m'ndime imodzi, kapena munthu wa m'nkhani amene wayankhula zinthu zimene sizingatuluke pakamwa pake. Tsambalo ndimalisindikiza pa pepala, ndipo pofika nthawi imene kunja kwayera, pepalalo limakhala litadzaza mizere yofufutira, mivi yosamutsa ndime kuchoka pansi kupita pamwamba, ndi timawu tating'ono tothithikana m'mphepete. Zatsopano ndimalemba pambuyo pake, ndipo nthawi zambiri zimakhala zochepa poyerekeza ndi zimene ndachotsa. Alipo masiku amene m'mawa wonse umathera pa ndime imodzi yokana kuwongoka, ndipo tsiku lotero ndimaliwerengera kuti ndagwira ntchito, chifukwa buku limamangidwanso ndi masiku ngati amenewo.

Masana ndi a ntchito imene anthu saiganizira akamva zoti wina ndi wolemba mabuku. Pamakhala kuyankha makalata a mkonzi, kuwerenga pangano la ofalitsa mabuku ndime ndi ndime, kusaka zolakwika m'buku lisanapite kosindikiza, kulemba nkhani zolipidwa, ndi kukumbutsa mwaulemu amene achedwetsa malipiro. Ndalama za malonda a buku zimabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo kwa olemba ambiri sizikwana kusamalira banja, n'chifukwa chake ena amaphunzitsa, ena amamasulira, ena amakonza zolemba za anzawo. Choncho musadzione ngati wolemba wosakwanira chifukwa chakuti muli pa ntchito. Anthony Trollope wa ku England anagwira ntchito ku positi kwa zaka zopitirira 30, ndipo ankakhala pa tebulo nthawi ya 5:30 m'mawa, wotchi ili patsogolo pake, n'kumadzikakamiza kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse asanapite ku ofesi. Toni Morrison, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, anayamba kulemba mabuku ali mkonzi ku kampani yofalitsa mabuku ya Random House, uku akulera ana ake awiri, ndipo nthawi imene ankaipeza inali ya m'bandakucha. Kusowa nthawi ndi vuto lakale la olemba, ndipo silinaletse mabuku kubadwa.

Chimene chasintha ndi madzulo. Kale madzulo anga anali a nkhani zazitali zimene mukunenazo. Ndinkalemba za buku limene ndikuwerenga, za mutu umene wandikanika, za funso limene landizunguza tsiku lonse, ndipo ndinkalemba popanda mkonzi, popanda malire a mawu, popandanso wondifunsa ngati zigulitsa. Patapita masiku angapo, wolemba wina wa kutali, amene sindinakumanepo naye, ankayankha ndi nkhani yake yaitali pa tsamba lake, kutsutsa mfundo yanga ina n'kuvomereza ina, ndipo ine ndinkakakamizika kubwerera ku maganizo anga n'kuwakonza. Ndinganene mosakayika kuti mitu ina ya m'mabuku anga inayambira m'mikangano yaulemu imeneyo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kugwira ganizo limodzi kwa masamba angapo osalitaya panjira, luso limene palibe amabadwa nalo.

Mbiri ya mmene zinayendera ndi yodziwika. Blogger ndi LiveJournal, njira zotsegulira tsamba lakolako pa intaneti, zinayamba mu 1999, WordPress inabwera mu 2003, ndipo munthu wamba wosadziwa za makompyuta ankatha kukhala ndi malo ake olembapo zimene akufuna. Owerenga ankatsatira olemba awo kudzera mu RSS, njira imene inkawabweretsera nkhani iliyonse yatsopano motsatira nthawi imene yatuluka, popanda wina wowasankhira. Koma Facebook inali itayamba kale mu 2004, Twitter inafika mu 2006 ndi malire a zilembo 140, ndipo iPhone itatuluka mu 2007 kuwerenga kunayamba kusamukira m'manja, pa galasi laling'ono limene munthu amaliyang'ana ali chiimire. Google Reader, imene ambiri ankagwiritsa ntchito powerenga RSS, inatsekedwa pa 1 July 2013. Pang'ono ndi pang'ono, chimene munthu amaona akatsegula foni chinasiya kukhala chimene wasankha yekha, n'kukhala chimene makina aona kuti chimusunga pamenepo nthawi yaitali kuti aone zotsatsa malonda. Nkhani yaitali yolembedwa modekha siyenda bwino m'makina oterowo, makamaka ngati ikutumiza wowerenga kunja kwa malo ochezerawo.

Zonsezi ndi zoona, koma sindivomereza kuti ndizo zokha zinachititsa, ndipo sindivomereza ngakhale pang'ono mawu amene akhala pakamwa pa aliyense akuti anthu anasiya kuwerenga zazitali. Anthu akuwerengabe mabuku a masamba mazanamazana, akumvetsera zokambirana za maola awiri, ndipo chiyambire 2017 pamene panayamba Substack, malo amene olemba amatumizirapo owerenga nkhani zawo, ambiri akulipira mwezi ndi mwezi kuti nkhani zazitali zizifika m'bokosi lawo la imelo. Amene anatembenuka msana poyamba ndi olemba, ndipo chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anayesapo zonse ziwiri. Nkhani yaitali imadya madzulo athunthu ndipo yankho limabwera mochedwa, mwinanso osabwera n'komwe, pamene mizere iwiri imatenga mphindi imodzi ndipo anthu amayamba kuyamikira usanaike foni pansi. Choopsa chake kwa wolemba mabuku n'chakuti ganizo limene likanakula kukhala nkhani, kenako mutu wa buku, limatulutsidwa tsiku lomwelo limene labwera, ngati chipatso chothyoledwa chisanapse. Ukalitulutsa m'mizere iwiri n'kulandira kuyamikirako, mtima umakhutira, ndipo mphamvu imene ikanakukankhira ku tebulo mawa m'mawa imakhala itapita. Ndaona zimenezi zikuchitikira olemba aluso kwambiri amene ndimawalemekeza, ndipo zimandipweteka, chifukwa amayankhula tsiku lililonse koma buku limene analonjeza silituluka.

Za chiwerengero cha otsatira

Mwina mundiyankha kuti ofalitsa mabuku amafuna wolemba wodziwika kale, ndipo simukulakwitsa. Wofalitsa wina, asanawerenge n'komwe mutu woyamba wa zimene ndinamutumizira, anandifunsa kuti ndili ndi anthu angati onditsatira, ndipo funsolo linandiwawa masiku ambiri. Ndikumvetsa kuti kusindikiza buku kumafuna ndalama ndipo wofalitsa amafuna chitsimikizo chakuti ndalamazo zibwerera. Komabe chiwerengero cha otsatira si chiwerengero cha ogula mabuku, chifukwa munthu amene wadina chizindikiro chokonda akudikira basi sanalonjeze kukhala ndi mawu anu kwa sabata yathunthu. Amene wawerenga nkhani yanu yaitali mpaka kumapeto, n'kubweranso mwezi wotsatira kudzaona ngati mwalemba ina, ameneyo waonetsa kale kuti angathe kuyenda nanu ulendo wautali, ndipo anthu makumi angapo oterowo ndimawalemekeza kuposa zikwi za ongodutsa.

Palinso nkhani ya umwini, imene olemba achinyamata saiika pamtima mokwanira. Malo ochezera ali ndi eni ake, ndipo eni akewo amasintha malamulo, amagulitsa, kapena amatseka pamene afunira. GeoCities, imene inasunga masamba a anthu wamba miyandamiyanda, inatsekedwa mu 2009. Google+, malo ochezera a kampani ya Google, inatsekedwa mu 2019. Twitter inagulitsidwa mu 2022 ndipo chaka chotsatira inasintha dzina kukhala X. Munthu amene anaika zolemba zake zonse pamalo a eni ndiye kuti anaika zaka za ntchito yake m'manja mwa anthu amene samudziwa n'komwe. Ngakhale malowo asatsekedwe, kupeza zimene unalemba zaka zapitazo kumakhala kovuta, chifukwa anamangidwa kuti azionetsa za lero zokha, pamene wolemba mabuku amafunika kubwerera kawirikawiri ku zimene ankaganiza kale kuti aone pamene wafika. Ine ndimabwererako nthawi zambiri ndikakakamira pa mutu wina, ndipo si kamodzi kokha pamene ndapeza kuti mfundo imene ndikuisaka ndinaiyamba kale m'nkhani ina yakale, n'kuisiya isanathe.

Tsono Mayi, pa zimene mwafunsa ndikuti tsamba lanulo musalitseke, koma lisadye nthawi ya buku. Maola amene mutu wanu umakhala woyera, kaya ndi m'bandakucha kaya ndi usiku ana akagona, apatseni buku, foni ili m'chipinda china. Nkhani yaitali ilembeni pamene muli ndi chonena, ngakhale kamodzi pamwezi, ndipo musataye mizere yoyamba ndi kupepesa kuti munasowa. Sungani makope a zonse zimene mwalemba pa kompyuta yanu ndi pamalo ena achiwiri, pemphani owerenga amene akufuna kuti akupatseni ma adiresi awo a imelo kuti muziwadziwitsa nokha, ndipo kumalo ochezerako muzingopita kukanena kuti nkhani yatsopano yatuluka.