Bowa wodzaza tchizi mu air fryer: madzi aja akuchokera kuti?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndaidulako pang'ono:

"Achemwali, mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe mwezi wa October ndipo ine andipatsa mbali ya tizakudya toyambira. Alamu anga anandibweretsera air fryer kuchokera ku Johannesburg, ndiye ndikufuna kupanga bowa wodzaza tchizi ngati amene ndinadya pa ukwati wina. Ndayesa kawiri. Ulendo woyamba bowa anatuluka akusambira m'madzi. Wachiwiri pamwamba panapserera pansi pali ngati siponji, nyenyeswa za buledi zili mbwee m'makina monse. Ndikulakwitsa pati? Nanga bowa wakumudzi angatheke? Alendo akhalapo ngati 40."

Amayi, zikomo polemba. Dzanja lanu lilibe vuto. Mavuto onse awiri mwatchulawa gwero lake ndi limodzi: bowa ndi madzi, air fryer ndi mphepo. Mukazimvetsa ziwirizi, zotsalazo n'zosavuta.

Pa magalamu 100 a bowa woyera wa m'sitolo, magalamu oposa 90 ndi madzi okhaokha. Ali wamuwisi madziwo amakhala otsekeredwa m'kati. Akangomva moto kapena mchere amawataya. Tsono inu mwamuika chagada ngati kambale, mwadzaza tchizi pamwamba, madzi aja apite kuti? Amadikha m'kambalemo, pansi pa tchizi. Ndipo chakudya chonyowa sichingafiire, chifukwa madzi amawira pa madigiri 100 pomwe kufiira kokoma kuja kumayamba kutentha kukafika cha m'ma 140. Madzi akadalipo, bowa wanu akungophikidwa ndi nthunzi basi.

Air fryer nayo dzina lake limanamiza. Sikazinga. Ndi kauvuni kakang'ono kamene kali ndi waya wotentha pamwamba ndi fani yamphamvu yokankhira mpweya wotenthawo pa chakudya. A Philips ndiwo anaitchukitsa pomwe anaionetsa ku Berlin mu 2010, koma nzeru yake ndi yomweyo ya uvuni wa fani. Kusiyana kwake n'kwakuti wayayo ali pafupi kwambiri ndi chakudya ndipo mphepoyo ndi yaukali. N'chifukwa chake pamwamba panapserera pansi pasanapse, n'chifukwa chakenso nyenyeswa zouma zinauluka ngati mankhusu popeta. Ndikuganiza kuti ulendo wachiwiriwo munakweza moto kufika pa 200 pofuna kuumitsa madzi. Ambiri tinadutsa momwemo.

Tiyambe ndi bowa wogula. Mukufuna woyera wozungulira uja, kapena wofiirira amene ena amalemba kuti cremini kapena portabellini papaketi. Awiriwa, pamodzi ndi portobello wamkulu ngati sosala, ndi mtundu umodzi wa bowa, amangosiyana khungu ndi msinkhu. Ine ndimakonda wofiirirayo chifukwa ndi wolimbirako ndipo fungo lake limamveka. Sankhani wa chipewa cha masentimita 4 kapena 5, woti munthu alume kawiri n'kutha. Wamng'ono kuposa apo akafota mulibe moika kanthu. Bowa wa oyster amene alimi ambiri kuno amalima m'majumbo ndi wokoma, koma alibe kambale, ndiye sangadzazidwe. Angalowe m'zodzazira zokha.

Pa nkhani yotsuka anthu amakangana zedi. Ena amati bowa asaone madzi n'komwe. Ine ndimamutsukuluza mwachangu pampope ngati ali ndi dothi, n'kumupukuta mmodzimmodzi ndi kansalu koyera. Choletsedwa n'kumuviika m'beseni n'kupita kukasenda anyezi.

Tsopano chinthu chimene chidzasinthe zonse. Thyolani miyendo ya bowayo, ingoipendeketsani ndi chala imazuka yokha, muisunge pambali. Zipewa zija zipakeni mafuta pang'ono kunja, osathira mchere, muziike m'basiketi chovundikira, dzenje kuyang'ana pansi, zopanda kanthu m'kati. Madigiri 180, mphindi 4. Mukatsegula mudzaona madzi akuda ali pansi pa basiketi. Amenewo ndi madzi aja anakuonongerani ulendo woyamba. Tulutsani zipewazo, zikhale chovundikira pa nsalu kapena pa pepala la kukhitchini mpaka zizizire, kenako pukutani m'kati mwake. Madzi akudawo musataye, ndi abwino mu supu.

Pamene zikuzizira konzani zodzazira. Pa bowa wolemera theka la kilo, amene amakhala pafupifupi 20, mufunika anyezi mmodzi wamng'ono, tinthuli titatu ta adyo, magalamu 150 a cream cheese, theka la kapu ya cheddar wopala, ndi theka la kapu ya nyenyeswa za buledi. Dulani miyendo ija tizidutswa ting'onoting'ono, muikazinge ndi anyezi m'chiwaya pa moto wamphamvuko. Poyamba idzatulutsa madzi n'kumalira mosisima. Musathamange. Dikirani madzi aphwe, phokoso lisinthe kukhala lothetheka, mtundu uyambe kufiira. Apo ndiye ikani adyo kwa theka la mphindi, mchere pang'ono, tsabola wakuda, phulani. Zizizire kaye musanasakanize ndi tchizi, apo ayi tchizicho chisungunuka chisanafike m'bowa. Theka la nyenyeswa lilowe m'katimo, ntchito yake ndi kumwa timadzi totsala. Lawani. Cheddar ali kale ndi mchere wambiri, ndiye dzanja lisalemere.

Ngati mukufuna kuikamo soseji kapena nyama yogaya, ikazingeni ipseretu payokha, mutsanule mafuta ake. Mphindi zochepa zimene bowa akhale mu air fryer sizokwanira kupsetsa nyama yaiwisi imene yabisala pakati pa tchizi. Sipinachi nayenso mumufwafwaze kaye n'kumufinya ndi manja mpaka asiye kudontha.

Ndikudziwa kuti cream cheese mtengo wake umabaya, makamaka pa anthu 40. Pali njira ziwiri zimene ndazikhulupirira. Yoyamba ndi chambiko: thirani pa kansalu koyera kopyapyala, mangani, kolekani pamwamba pa mbale m'firiji usiku wonse. M'mawa mudzapeza chalimba ngati phala lozizira, chowawasa bwino, ndipo chimagwirizana ndi bowa kuposa mmene mungaganizire. Yachiwiri ndi mbatatesi yophika yopota, youma bwino, yosakaniza ndi cheddar ndi adyo. Imakhutitsa msanga koma ana amaikonda. Kambuzi mmodzi wodula bwinobwino pa theka la kilo amadzutsa zonse, koma pa chinkhoswe pali azigogo ndi ankhoswe a kuchimuna amene simudziwa m'mimba mwawo, ndiye pangani mbale ziwiri.

Dzazani ndi supuni ya tiyi, mutsindire pang'ono, pakhale kachulu kakang'ono, osati phiri la Mulanje. Nyenyeswa zotsala zija muzisakanize ndi supuni imodzi ya mafuta kapena batala wosungunula mpaka zikhale ngati mchenga wonyowa, kenako muzikanikizire pamwamba ndi chala kuti zimatirire. Zikalemera chonchi mphepo sizinyamula, ndipo zimafiira mofanana. Ine nthawi zina ndimasakanizamo mtedza wokazinga wosinja mwa mgaiwa, osafika pa nsinjiro yosalala. Tonse tinakula ndi bowa wotendera, lilime limadziwa kale kuti bowa ndi mtedza ndi pachibale. Ingochenjezani alendo, alipo ena amene mtedza umawadwalitsa koopsa.

Bwezerani m'basiketi chagada, mzere umodzi, osasanjikiza, pakati pawo pakhale mpata woti mphepo idutse. Madigiri 180, mphindi 6 mpaka 8. Makinawa amasiyana mphamvu, ndiye ulendo woyamba suzumirani pa mphindi 5. Mukaona pamwamba pakufiira msanga, tsitsani kufika pa 170. Akapsa asiyeni mphindi 5 musanapereke, tchizi chikhazikike, komanso anthu asapse milomo. Ndipo chonde, pepala loyala pansi pophika (baking paper) musaliike m'basiketi yopanda kanthu pamene makina akutentha. Fani imalinyamula kukaligunditsa pa waya wamoto. Ine ndinaphunzira ndi utsi m'nyumba monse.

Za bowa wakumudzi. Mtima wanga uli komweko, palibe bowa wa m'paketi amene angafike pa utale kapena manyame kukoma. Koma mwezi wa October simudzamupeza wamuwisi, amadikira mvula, kuyambira cha mu December. Ngakhale nthawi yake itakwana, manyame alibe kambale, ndipo utale akatambasuka amakhala ngati ambulera, wongoyenera poto. Ndelema akadali wamng'ono ndiye amaoneka ngati angadzazidwe, koma ameneyo ndi wa banja la Amanita, momwe mulinso bowa wakupha kwambiri padziko lonse. Poizoni wa achibale akewo satha ndi moto, kaya muphike tsiku lonse, ndipo amaononga chiwindi munthu akuyesa wachira. Amayi akumudzi amene anakula akuzula bowa amasiyanitsa, koma ine sindingaike bowa wogula pamsewu kwa munthu wosamudziwa pa mbale ya alendo 40. Ngati kwanu kuli bowa wofutsa wochokera m'manja odalirika, mumuviike, mumuphike mokwanira monga mwa nthawi zonse, mumufinye, mumudule n'kumukazinga pamodzi ndi miyendo ija. Fungo lakumudzi lidzalowa m'zodzazira, chipewa chikhale cha m'sitolo.

Tsopano tiwerengetsere, chifukwa apa ndi pamene ndikukuderani nkhawa. Anthu 40, aliyense atenge awiri, ndi bowa 80, makilo awiri. Kunena zoona ena adzatenga anayi, koma tisiye. Basiketi ya air fryer ya pakhomo imalowa 10 kapena 12 pa ulendo umodzi. Ndiye kuti maulendo 7 kapena 8, uliwonse pafupifupi mphindi 10 mukaphatikiza kutulutsa ndi kulongedza. Ola ndi mphindi 10 kapena 20 zapita, osawerengera kuphika koyamba kochotsa madzi kuja. Pa tsiku la chinkhoswe, inu mkulu wake wa mwini nkhani, mukufunikanso kukavala chitenje cha banja ndi kukaponya ndalama pa perekaniperekani.

Choncho gawani ntchito. Madzulo a dzulo lake chotsani madzi m'zipewa, konzani zodzazira, musunge padera m'firiji, zipewa chovundikira pa nsalu m'kontena. M'mawa dzazani zonse, muyale pa thireyi, mubwezere m'firiji. Nyenyeswa muike pomaliza penipeni. Zochokera m'firiji zionjezereni mphindi imodzi kapena ziwiri. Pezani mtsikana mmodzi wodalirika amene ntchito yake ikhale air fryer basi, azitulutsa mbale imodzi imodzi alendo akamafika. Zili bwino kutero kusiyana n'kuphika onse nthawi imodzi, chifukwa bowa ameneyu akazizira amafota n'kuyambanso kudontha. Kutentha kwa October nakonso si kwamasewera: chakudya cha mkaka chisakhale pabwalo kupitirira maola awiri, ndipo dzuwa likaswa mtengo, ola limodzi lokha.

Ngati pali uvuni wa gasi pafupi, kaya kwa aneba, upanganeni nawo pasadakhale. Thireyi imodzi imanyamula bowa 30 kapena 40, pa madigiri 200 kwa mphindi pafupifupi 15, ndipo magetsi akazima tsiku limenelo simudzagwira njakata. Koma chinkhoswe chisanafike yesaninso kamodzi ndi paketi imodzi ya magalamu 250, mulembe papepala mphindi zimene makina anuwo atenga, mupachike pakhoma pomwe mtsikana uja adzaimirire.